Ndikusamuka m'nyumba ya lendi ku Leeds: kapeti ndichape ndekha kapena ndiitane katswiri?

Funso: Ndimakhala ku Leeds ndi ana anga awiri, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Kumapeto kwa Novembala tikusamuka m'nyumba imene takhalamo zaka zitatu, ya lendi ya £900 pamwezi. Nyumba yonse ndi ya kapeti. Pabalaza pali mabanga a tiyi ndi lina lachikasu pomwe panatayikira ndiwo za curry. Masitepe ada pakati. Kuchipinda kwa mwana wamng'ono, yemwe ankakodza pogona, kumamveka fungo tikangoyatsa hita. Ejenti wa nyumbayi wandilembera kuti ndiitane kampani yochapa makapeti ndipo ndimuonetse lisiti. Mnzanga wa kuntchito akuti ndisataye ndalama, ndikangobwereka makina ochapira makapeti a Rug Doctor ku sitolo ya Tesco. Ndimvere ndani?

Yankho: Mayi, aliyense mwa awiriwo wanenapo zoona, koma onse asiya mbali yofunika. Ine ndakhala ndikuchapa makapeti kuno kumpoto kwa England kwa zaka zambiri, ndipo maganizo anga ndi awa. Masitepe ndi pabalaza mungathe kuchapa nokha ngati kapetiyo si wa ubweya wa nkhosa. Koma chipinda cha mwanacho musachiyandikize makina obwereka.

Tiyambe ndi kalata ya ejentiyo, poti ndikudziwa kuti ndi imene yakusowetsani tulo. Kuyambira pa 1 Juni 2019, ku England kuli lamulo lotchedwa Tenant Fees Act, limene linaletsa eni nyumba ndi maejenti kulipiritsa anthu a lendi ndalama zambiri zomwe ankalipiritsa kale. Kukakamiza munthu kuti alembe kampani yoyeretsa potuluka m'nyumba ndi chimodzi mwa zoletsedwazo. Ndiye lisiti akufunalo alibe mphamvu yokuumirizani kuti mulibweretse. Chimene chikadalipo n'chakuti nyumba muibweze ili yoyera monga munaipezera, kupatula kutha kwa zinthu komwe kumabwera chifukwa choti anthu akhalamo, kumene m'mapepala awo amalemba kuti fair wear and tear. Mukaibweza yakuda kuposa pamenepo, ali ndi ufulu wodula ndalama yoyeretsera pa dipoziti yanu. Pa nyumba ngati yanuyo dipoziti siloledwa kupitirira lendi ya masabata asanu, ndiye pa £900 pamwezi imafika cha pa £1,038. Ndalama imeneyo si yoti munthu wogwira mashifiti a usiku aisiye chisawawa.

Pitani mukafunefune pepala la inventory, lofotokoza mmene nyumba ndi zinthu zake zinalili, lomwe munasaina tsiku lolowa, limodzi ndi zithunzi zake. Muyeso wanu ndi umenewo. Likanena kuti makapeti anali atangochapidwa ndi kampani, dziwani kuti inunso muyenera kuwafikitsa pamenepo, kaya ndi manja anu kaya a wina. Likanena kuti pamasitepe panali kale pakuda, zimenezo si zanu. Dipoziti yanu inayenera kusungitsidwa pasanathe masiku 30 ku limodzi mwa mabungwe atatu awa: Deposit Protection Service, MyDeposits kapena Tenancy Deposit Scheme. Mukadzasemphana ndi mwini nyumba, bungwelo limaweruza mwaulere poona mapepala ndi zithunzi, ndipo wobweretsa umboni ndi mwini nyumbayo, chifukwa ndalamayo ndi yanu mpaka atasonyeza kuti akuyenera kudulapo. Sangakulipiritseni mtengo wa kapeti watsopano m'malo mwa kapeti amene anali kale wokalamba pomwe munkalowa. Abale athu ambiri amangovomera kudulidwa chifukwa cha manyazi, kapena poopa kuoneka ovuta m'dziko la eni. Zimandiwawa kwambiri, chifukwa nthawi zambiri akanangolemba kalata imodzi ndalama yawo ikanabwerera.

Tsopano tibwere kwa kapeti weniweniyo.

Ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti kuchapa kapeti si nkhani. Loweruka m'mawa umamukulunga, kumutulutsa panja, kumukuntha ndi ndodo fumbi n'kuti kobo, kumuyala pa simenti, Surf ndi burashi, kutsukuluza ndi ndowa zingapo, kenako kumupachika pampanda. Dzuwa la Okutobala likamuwomba, pofika madzulo wauma gwa. Kumeneko wogwira ntchito yaikulu sanali sopo ayi, koma madzi ambiri odutsa n'kupita, ndi dzuwa. Kuno zonse ziwirizo mulibe. Kapeti wa m'nyumba mwanu anakokedwa kuchokera khoma ili kufika khoma ilo n'kukoletsedwa pa timatabwa taminga tozungulira chipinda. Pansi pake pali underlay, chinthu chofewa chomwa madzi ngati siponji, ndipo pansi pa icho pali matabwa kapena simenti. Dontho lililonse limene mwathira lilibe kothawira. Pamwamba pa apo, kumapeto kwa Novembala dzuwa la ku Leeds limalowa 4 koloko isanakwane.

N'chifukwa chake ndimauza aliyense wondifunsa kuti pa ntchito yathuyi kuthira madzi ndi sopo angathe ndi mwana yemwe. Luso lili pa kuwachotsa. Mukamalipira katswiri, mukulipira makina okoka madzi mwamphamvu, ndi maso odziwa kuti ulusi uwu umapirira chiyani ndipo sumva chiyani.

Makina amene mnzanu akunenawo si oipa. Amagwira ntchito mofanana ndi athu: amapopera madzi a sopo mu kapeti n'kuwayamwanso. Anthu amati steam cleaning, koma si nthunzi, ndi madzi otentha basi. Kusiyana kwake n'kwakuti makina obwereka mumathiramo madzi otentha a pampopi omwe amanka nazizira, ndipo kukoka kwake sikufika pa kwa makina aakulu. Mumabwereka kwa maola 24 kapena 48, ndipo munthu wodekha amatha kutulutsa ntchito yabwino ndithu. Koma amene ndimakawapeza ali kakasi amakhala atalakwitsa zofanana. Anathira sopo woposa muyeso poganiza kuti thovu lambiri ndiye ukhondo. Sopo wotsalayo akauma amamata, ndipo pakangotha masabata ochepa kapeti amada kuposa poyamba, chifukwa fumbi lililonse likukakamira pamenepo. Anabwereza kupopera pamalo amodzi kasanu kapena kasanu n'kamodzi chifukwa banga silinkachoka, mpaka madzi anadutsa n'kukafika ku underlay. Kenako anatseka mawindo poopa kuzizira. Kapeti akakhala chinyowere kupitirira tsiku limodzi kapena awiri amayamba kununkha chinyontho, ndipo nguwi imayamba kumera kunsi komwe simukuona. Makapeti ena kunsi kwake analukidwa ndi ulusi wa jute, wonga wa ziguduli. Umenewo ukanyowa kwambiri umafupika, kapeti n'kuchoka m'mphepete mwa khoma, kapena umatulutsa utoto wakhofi womwe umakwera pamwamba kapeti akamauma.

Palinso china chimene chimadabwitsa anthu. Wachapa madzulo, banga lachoka, wagona wokondwa. M'mawa walipeza labwerera pomwe lija. Si matsenga. Kapeti amauma kuyambira pamwamba, ndiye madzi a pansi amakwera ndi ulusi monga mafuta amakwerera chingwe cha nyali ya koloboyi, atanyamula litsiro lonse lomwe linatsalira kunsi.

Musanasankhe chilichonse, dziwani kaye ulusi wa kapeti wanu. Pitani pakona yobisika, monga m'kabati ya m'khoma kapena kuseri kwa chitseko, mudule timaulusi tiwiri kapena titatu. Tigwireni ndi kopanira pamwamba pa sinki, mutiyatse ndi machesi. Tikanunkha ngati tsitsi lopsa, moto n'kuzima wokha, n'kusiya phulusa lakuda lofumbutuka mukalitikita ndi zala, ndiye kuti muli ubweya wa nkhosa. Tikasungunuka n'kusanduka kamkanda kolimba konunkha pulasitiki, ndi ulusi wopanga, ndipo m'nyumba zambiri za lendi umakhala wa polypropylene chifukwa ndi wotchipa. Umenewu ndi wopirira: sumwa madzi kwenikweni, ndipo utoto wa zakumwa suulowerera msanga, ngakhale umakonda kugwira mafuta. Koma ubweya wa nkhosa ndi nkhani ina. Makapeti ambiri abwino a kuno amasakaniza magawo 80 a ubweya ndi 20 a nayiloni, ndipo m'nyumba zakale mumawapeza pamasitepe ndi pabalaza. Ubweya umamwa madzi ambiri, umachedwa kuuma, ndipo sopo waukali amauwononga. Ngati wanu ndi wotere, ine ndinganene kuti muitane katswiri wa nyumba yonse. Mukafuna kupukutapo nokha kabanga, gulani mankhwala okhala ndi chizindikiro cha WoolSafe pabotolo.

Ndikukumbuka bambo wina wa kwathu amene anandiimbira foni Lamlungu madzulo mawu akunjenjemera. Mwana anataya chakumwa chofiira pa kapeti wa ubweya, iwo n'kuthirapo jiki monga timachitira ndi malaya oyera a yunifolomu. Nditafika ndinagwada n'kukhudza pamalopo. Banga lofiira linali litachokadi, koma linachoka limodzi ndi mtundu wa kapetiyo, patangotsala chigamba chotuwa chachikulu ngati mbale ya nsima, ndipo ulusi wake unkaterera m'zala n'kumathothoka, chifukwa jiki amadya ubweya. Panalibenso choti n'kuchapa. Tinachita kudula kachidutswa m'kabati ya pansi pa masitepe n'kukaika pamenepo. Malo amene jiki wayeretsa, kapena amene ayironi yawotcha, palibe katswiri angawachape. Wokuuzani kuti angathe akungofuna ndalama yanu.

Za masitepe anu sindikuda nazo nkhawa kwambiri. Litsiro lambiri la mu kapeti ndi louma, mchenga ndi fumbi lobwera ndi nsapato, ndipo limachoka ndi huva, makina oyamwa fumbi. Muyendetseni pang'onopang'ono, kawiri, mbali iyi ndi iyo, madzi asanafikepo, apo ayi mupanga matope. Mukachapa, poperani kamodzi n'kukoka kawiri kapena katatu osapopera. Mukadzaona kuti pakati pa masitepe pakuonekabe motuwa ngakhale mwachapa bwino, musalimbane napo. Mchenga unakanda ulusiwo zaka zitatu zonsezi, ndiye suwalanso ngati wa m'mbali. Kumeneko ndiko kutha kwa chinthu, si litsiro, ndipo si mlandu wanu. Chimodzimodzinso timizere takuda timene timaoneka m'mphepete mwa khoma: timabwera ndi mpweya wodutsa m'ming'alu ya pansi, kapeti n'kumasefa fumbi lake ngati sefa. N'tovuta kuchotsa ngakhale kwa ife.

Mabanga a tiyi pa polypropylene amachoka. Sakanizani viniga woyera pang'ono ndi madzi ofunda, nyowetsani kansalu koyera, muzidinda pabangapo kuyambira m'mphepete kulowa pakati. Kudinda, osati kukhula. Burashi imabalalitsa ulusi, ndipo pamalopo pamatsala ngati mutu wosapesa mpaka kalekale. Kuona maso a nkhono n'kudekha: dindani, sinthani mbali ya kansalu, dindaninso. Mukatha, ikanipo thaulo loyera lopinda, mutsikize ndi mabuku olemera usiku wonse, kuti chokwera kuchokera pansi chilowe mu thaulo.

Banga la curry ndilo lamakani. Chikasu chakecho chimachokera ku turmeric, yemwe ndi utoto weniweni, moti anthu amanyikira nsalu. Mafuta a ndiwozo mungawachotse ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale m'kapu ya madzi ofunda, kenako kutsukuluza ndi kansalu ka madzi okha. Koma chonde musathirepo soda, ija timathira m'therere, ngakhale anthu ambiri amailimbikitsa pa chilichonse. Turmeric akakumana ndi soda amasanduka wofiira, ndipo mudzaona ngati mwaonjezera vuto. Akatswiri tili ndi mankhwala ofafaniza utotowo pang'onopang'ono, koma wachilungamo adzakuuzani kuti ayesa, sadzalonjeza, makamaka ngati banga lakhalitsa pa ubweya kapena nayiloni.

Chipinda cha mwana ndicho chandichititsa kunena kuti muitane munthu. Koma musanaimbe foni, tulutsani matiresi ndi bedi, mutsegule windo kwa tsiku limodzi, kenako mutseke n'kuyatsa hita. Kangapo konse ndapitapo m'nyumba n'kupeza kuti fungo lonse linali m'matiresi, kapeti alibe mlandu. Fungo likakhalapobe, gwadani pamene panali m'mphepete mwa bedi, muikepo thaulo lonyowetsedwa ndi madzi ofunda, mulipondereze kwa mphindi zingapo, mulinunkhize. Mphuno idzakuuzani.

Mkodzo umagwa uli wofunda, ndiye umadutsa ulusi mosavuta n'kukafika ku underlay, kumene umafalikira m'mbali. Kabanga kooneka pamwamba ngati chikhatho, kunsi kwake kamatha kukhala ngati lichero. Ukauma madzi amapita koma umasiya mchere wake, ndipo mcherewo umakoka chinyontho cha mumpweya. N'chifukwa chake fungolo limadzuka mukayatsa hita kapena kunja kukachita mvula, tizilombo tosaoneka ndi maso tikayambanso kudya zotsalirazo. Tsono taganizirani chimene makina obwereka angachite pamenepo. Atsuka pamwamba, anyowetsa mchere wa pansiwo, koma alephera kuukoka. Mawa lake chipinda chidzanunkha kuposa lero, ndipo ejenti akamadzalowa ndi pepala lake, fungolo ndi limene lidzamulonjere pakhomo. Mankhwala onunkhiritsa opopera amangobisa kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo oyendera nyumba amalidziwa bwino fungo la maluwa losakanikirana ndi mkodzo.

Katswiri akabwera amatseka makatani n'kuunika ndi tochi ya kuwala kwa UV, ndipo malo onse amene mkodzo unagwera amawala. Amathira pamalopo mankhwala osungunula mcherewo, ochuluka mokwanira kuti afike pomwe mkodzo unafika, amadikira, kenako amaikapo chipangizo chophwatalala n'kuchiponda, makina n'kuyamwa kuchokera ku underlay komweko. Amabwereza mpaka madzi otuluka ayere. Zikakhala kuti zinachitika kambirimbiri pamalo amodzi, amanyamula kapeti pakona, kudula chidutswa cha underlay chowonongekacho, kutsuka ndi kupaka matabwa a pansi, kuikapo chidutswa chatsopano, n'kumukokanso kapetiyo ndi chida chogunda ndi bondo. Ntchito imeneyo si yoti muiphunzire usiku woti mawa mukupereka makiyi. Ndipemphenso kuti mwanayo asamve ngati ndiye wakuluzitsani ndalama. Kukodza pogona kumachitikira ana ambiri ndipo sachita dala. M'nyumba yatsopanoyo mugule chophimba matiresi chosalowa madzi, ndi kakapeti kakang'ono kochapika koika pambali pa bedi.

Popeza mukuitana munthu wa chipinda chimodzi, mufunseni mtengo wa nyumba yonse. Ambiri a ife tili ndi mtengo woyambira umene timalipiritsa pongobwera, kaya chipinda n'chimodzi, ndiye kuonjezera pabalaza ndi masitepe nthawi zina sikukweza kwambiri. Muuyerekeze ndi ndalama yobwerekera makina, ya sopo wake amene amagulitsidwa padera, ya thiransipoti, ndi tsiku lanu lopuma limene lithere kukwera ndi kutsika masitepe ndi chimakina cholemera, katundu ali mbwee m'makatoni. Kusiyana kukakhala kochepa, musadzizunze.

Posankha munthu, pali bungwe la National Carpet Cleaners Association, limene lakhalapo kuyambira 1968, ndipo mamembala ake amayenera kukhala ophunzitsidwa ndi okhala ndi inshuwalansi. Mungafufuze pa intaneti amene ali pafupi nanu. Sikuti aliyense amene sali m'bungwemo ndi wosadziwa ntchito. M'magulu athu a pa WhatsApp muli abale ogwira ntchitoyi mwaluso, ndipo n'zabwino kuwapatsa bizinesi. Koma kaya ndi m'bale kaya ndi mlendo, mafunso ake ndi omwewo. Kodi inshuwalansi yake imalipira ngati iye mwini wawononga kapeti amene akuchapayo? Ena ali ndi inshuwalansi yolipira akaswa windo kapena munthu akavulala, koma osati chinthu chomwe chili m'manja mwawo. Nanga mkodzo wofika ku underlay amathana nawo bwanji? Akayankha kuti ali ndi mankhwala onunkhira bwino, muthokozeni n'kuimbira wina. Mumvetserenso ngati iye akukufunsani mafunso. Munthu wodziwa ntchito amafuna kudziwa mtundu wa ulusi, zaka za banga, ndi zimene munathirapo kale, ndipo pamenepa muuzeni zoona zokhazokha, chifukwa mankhwala ena akakumana amakhazikitsa banga m'malo molichotsa. Timapepala toponyedwa pakhomo tolonjeza nyumba yonse pa mtengo wotsika modabwitsa, kawirikawiri mtengowo umakwera munthu akangolowa m'nyumba. Mutumizireni zithunzi, akulembereni mtengo wonse pa meseji asanabwere.

Ejenti uja muyankheni molemba, mwaulemu, kuti nyumba mudzaibweza mogwirizana ndi inventory ya tsiku lolowa, ndipo mupemphe kudzakhalapo tsiku loyendera nyumba. Lisiti la katswiri musunge ndithu. Si chifukwa choti akulamulani, koma ndi umboni wanu zinthu zikadzafika ku bungwe la dipoziti.

Kuchapako kuchitike katundu yense atatuluka, ndipo kukhale ntchito yomaliza m'nyumbamo, mutatha kale kutsuka uvuni ndi bafa. Musiye masiku awiri pakati pa kuchapa ndi kupereka makiyi, kuti banga likabwerera m'mawa mwake mukhale ndi nthawi yomuitananso munthuyo. Magetsi ndi gasi zikhale zikadalipo. Hita ikhale yoyaka pang'ono, mawindo otsegula kampata, zitseko za zipinda zonse zotsegula, ndipo ngati muli ndi fani muiloze pansi. Kapeti akauma, jambulani chipinda chilichonse masana kuwala kulipo, mutaima pakhomo, pamalo omwewo amene anaima wojambula zithunzi za mu inventory, kenako mujambule pafupi pamene panali tiyi, pamene panali curry, ndi pamene panali bedi la mwana.